Nsapato ziwiri za kumanzere

Popeza chithunzi chija chondionetsa nditaima ndi mapaipi m'manja ndikuyang'ana chitseko cha galimoto chafika kale mpaka pa WhatsApp ya akumpingo kwathu, ndipo ku Ndirande ngakhale ana akundiitana kuti "a Manzere", bola ndiifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Inde, ndinapanga mamanifodi (mapaipi otenga utsi wa injini kupita nawo ku turbo) awiri a mbali imodzi ya injini, m'malo mwa ina ya kumanzere, ina ya kumanja. Ayi, sindinaledzere.

Galimoto yake ndi Toyota Cressida ya achimwene ena amene anaikamo injini ya Lexus, 1UZ-FE, V8 ya malita 4.0. Maturbo, makina ozunguzidwa ndi utsi wa ekizozi amene amakankhira mpweya wambiri mu injini, ndi T28 awiri ochotsedwa mu Nissan Silvia. Masamu ake ndi okoma: turbo imeneyi inapangidwira injini ya malita 2.0, ndipo mbali iliyonse ya V8 ili ndi masilinda anayi okwana malita 2.0 omwewo. Ntchito yanga inali kuwotcherera mamanifodi a ekizozi, mapaipi a mpweya ndi njira za oyilo.

Ndinayamba mwaulemu wake. Flanji ya kumanzere, chitsulo chafulati cha mamilimita 12 chomangira manifodi ku injini, ndinaimanga pa hedi (mutu wa masilinda) injini ili m'galimoto. Turbo ndinaiimika pamalo pake kutsogolo, n'kuigwiriza ku flanjiyo ndi tizitsulo tongodontheza. Kuti ndidziwe ngati boneti itsekeka, ndinaika mbamu ya mkute pamwamba pa turbo, n'kutseka boneti, n'kuyeza pamene nsimayo yaphwatalala. Panatsala mamilimita 25. Azungu amagwiritsa ntchito dongo logula m'sitolo, koma mkute umanena zoona chimodzimodzi. Bowo lotulutsira oyilo ndinaliyang'anitsa pansi, chifukwa oyilo wochoka mu turbo sakankhidwa ndi pampu, amangotsika yekha. Mukapendeketsa pakati pa turbo kupitirira madigiri 15, kapena paipi yake ikalowa mu sampu (chibeseni cha oyilo pansi pa injini) mmunsi mwa pamene oyilo amalekezera, oyiloyo amadzaza mu turbo n'kutulukira ku ekizozi, utsi wake anthu n'kubwera ndi zidebe.

Kenako galimoto inapita kopentedwa. Ine ndinatsala ndi hedi imodzi yakutha, jigi (chimango chogwira zitsulo pamalo pake powotcherera) imene ndinapanga kuchokera pa muyeso uja, ndi mapaipi okhota a stainless 304, a mamilimita 38, ochokera ku Johannesburg pa basi.

Apa ndiye ndikufuna mundimvetse. Maturbo awiriwa ndi amapasa. Palibe T28 ya kumanja ndi ya kumanzere, onse amazungulira mbali imodzi, umangomasula zikamba zake n'kuzipotoza kuti makomo ayang'ane kumene ukufuna. Ndiye munthu ukamagwira ntchito pakati pa usiku, chifukwa ndi nthawi imene magetsi amayaka kwathu, maso ali pa zinthu ziwiri zofanana, mutu umangoti nazonso zozinyamula zifanane. Ndinamaliza manifodi yoyamba, ndinaimasula pa jigi, ndinamangapo maflanji ena, basi n'kuyambanso. Jigi sinakane. Mnyamata wanga, amene amalankhula ngakhale ali m'tulo, sanatsokomole n'komwe.

Ndipo kuwotcherera kwake, aise! Nsonga zonse ndinazisema ndi girayinda kuti moto ulowe mpaka mkati. Paipi ndi paipi, waya wowotcherera wa 308L. Paipi ndi flanji, 309L, poti flanji ndi chitsulo wamba. Mkati ndinkadzaza mpweya wa argon, mabowo onse nditatseka ndi tepi, chifukwa stainless akapsa mkati muli mpweya wamba amachita zipsera zonga shuga wopserera, ndipo tsiku lina zimathothoka n'kukagomola mapiko a turbo. Flanji ndinaimanga zolimba pa hedi yakutha ija, n'kumawotcherera pang'ono uku, pang'ono uko, kudikira kuti izizire, kuopa kuti ingapindike ngati nthochi n'kumadzapumira pa gasiketi. Masabata atatu. Argon amene ndinathera pamenepo akanatha kulipirira mwana sukulu mpaka Fomu 4.

Loweruka galimoto inabwera ikuwala ngati ya mkwati. Mwini wake anafika ndi anzake asanu ndi bokosi la zoziziritsa kukhosi. Manifodi ya kumanzere inalowa ngati inabadwira pomwepo. Anthu anawomba m'manja. Wina anati ntchito yotere ku Malawi kuno sanaionepo, ndipo ndikupempha kuti mawu amenewa alembedwe, chifukwa amene anajambula chithunzi ndi yemweyo.

Ndinatenga yachiwiri, n'kuzungulira kutsogolo kwa galimoto ndikuyenda ngati mkulu wa mpingo wanyamula mbale ya chopereka. Nditailozetsa pa hedi ya kumanja, mabowo anayi a ekizozi anakumana bwinobwino. Koma flanji ya turbo, mmalo moyang'ana ku radiyeta, inali kuyang'ana kumbuyo, ikugogoda pa busita ya mabuleki ngati ikuti odi kwa dalaivala.

Ndinati, "Dikirani, ndaigwira molakwika."

Ndinaitembenuza chadodolido. Turbo inabwereradi kutsogolo, koma tsopano inaloza pansi, pa chitsulo chonyamula injini. Ndinaibweza. Busita. Ndinaitembenuzanso. Pansi. Ndinaipukuta ndi nsanza, ngati vuto ndi fumbi. Kenako ndinachita chinthu chimene mpaka lero sindikuchimvetsa: ndinazungulira galimoto yonse cha kumbuyo, kudutsa ku buti, kuti ndifike pa injini kuchokera mbali ina, mwina manifodi isintha maganizo m'njira. Sinasinthe. Pagalaja panali zii, kumangomveka munthu mmodzi akutsegula botolo mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati pamaliro.

Ndili chiimire choncho, maso anga anagwera pa chitseko chopentedwa kumene chija. Mu penti yonyezimirayo munali munthu wofanana nane, ovololo yake yomweyi, atanyamula manifodi ya kumanja. Yeniyeni. Mapaipi anayi akukhotera kumene ndinkafuna, flanji ya turbo ili pamalo pake, zowotcherera zonse zili mbee. Ndinamuyang'ana, iyenso anandiyang'ana. Ndikaikweza, nayenso akweza. Ndikanatha kupisa dzanja m'chitsekomo n'kusinthana naye, ndikanamuonjezera ndi girayinda. Amene ankaonerera akuti ndinaima pamenepo mphindi ziwiri. Ine ndikuti dzuwa linasuntha. Chithunzi mwachionacho ndi cha nthawi imeneyo, ndipo sindinkadzikongoletsa pagalasi ngati mmene alembera pansi pake.

Mwini galimoto anati, "Amisiri, ndiye turbo inayo ndiziinyamula pamiyendo?"

Mnyamata wanga, amene anakhala chete masabata atatu, anasankha nthawi imeneyi kuti athandize. "Bwana, nanga titangotembenuza galimotoyi?"

Wina kumbuyo anati mwana wake wa zaka zitatu akasemphanitsa nsapato amakhala kuti ali nazo zonse ziwiri, ine ndachita kusoka ziwiri za phazi limodzi. Dzina linabadwira pomwepo.

Tsopano amene mukuseka kwambiri, dziwani kuti ngakhale munthu wa m'chitseko uja akanandipatsa yake, sikanalowa. Mu V8 mbali imodzi imakhala patsogolo pang'ono kuposa inzake, chifukwa makonirodi (ndodo za mapisitoni) awiri amakhala moyandikana pa pini imodzi ya kirankishafuti. Komanso kumanja kwa 1UZ kuli pampu ya pawa sitiyaringi, alitaneta ili mmunsi mwake, ndipo pa galimoto zathu za chiwongolero kumanja, ndodo ya chiwongolero ndi busita zili komweko. Mbali imeneyo imafuna muyeso wakewake, injini ili m'galimoto, mapaipi ongodontheza kaye, kuyesa, kumasula, kuyesanso, kenako kuwotcherera. Choncho kulakwa kwanga kwenikweni kunali kulola galimoto kupita kopentedwa ndisanayeze kumanja. Ndipo amene anafulumira ndi penti si ine.

Maflanji awiri ndinawapulumutsa podula ndi girayinda, n'kukawasalazitsa ku makina. Mapaipi okhota sapulumuka, mukawadula amafupika, ndiye tinaitanitsanso ena, theka la mtengo wake likuchokera m'thumba mwanga. Manifodi yatsopano ndinaipanga nditawerama m'galimoto masiku asanu ndi limodzi. Paipi ya silinda yakumbuyo ndinaidutsitsa patali ndi ndodo ya chiwongolero, n'kuika lata yotchinga kutentha pakati pake ndi mapaipi a mabuleki. Nditapotoza chikamba cha turbo, kachitsulo kogwira wastegate (valavu yochepetsa mphamvu ya turbo) kanasiya kukumana, ndinapanganso kena. Mkute unapereka mamilimita 22.

Galimoto ili pompano pa mastandi, ikudikira mainjekita aakulu ndi kompyuta yake. Mapaipi odulawo mnyamata wanga wawawotcherera pamodzi, akuikapo ketulo pa mbaula. Akuti sagwedezeka.