Sabata Loyera m'kachipinda kolapitsira

Akhristu amationa pa guwa, koma kuchokera Lamulungu la Kanjedza mpaka usiku wa Pasaka, ife ansembe a pa parishi maola ambiri timathera m'kachipinda kolapitsira, stola yapepo ili pakhosi. Zimene ndinamva m'menemo musaziyembekezere pano. Lamulo 983 m'Malamulo a Mpingo a 1983 limaletseratu, ndipo wansembe woulula dala tchimo la wolapa amadzichotsa yekha mu Mpingo pomwepo, mlandu wake wokathera ku Roma.

Mzere unayamba Lolemba m'mawa. Kuyambira pa msonkhano wachinayi wa maepiskopi wa ku Lateran, ku Roma, mu 1215, Mkatolika amalamulidwa kulapa kosachepera kamodzi pa chaka, ndipo ambiri kamodziko amakasungira sabata lino.

Madzulo ake ndinali ndi phunziro la kufufuza mtima ndi akhristu m'tchalitchi. Ndinawerenga 2 Samueli 12, pomwe Natani akusimbira Davide za munthu wolemera amene analanda kankhosa kamodzi kokha ka mmphawi. Davide anapsa mtima, n'kugamula kuti munthuyo ngwoyenera kufa ndipo abweze kanayi. Pamenepo Uriya, amene Davide anamuphetsa n'kutenga mkazi wake Batiseba, anali atafa kalekale, mwana wa Batisebayo atabadwa, koma mfumuyo sinadzimve m'nkhaniyo mpaka itauzidwa kuti munthuyo ndi iyo yomwe. Ndinawauza kuti tchimo lobisira anthu n'losavuta kulipeza, poti mwiniwake amalidziwa bwino. Lovuta ndi limene wadzibisira wekha, uku ukulidzudzula mokweza mwa anzako.

Bambo wina chakumbuyo anakweza dzanja. "Bambo mfumu, ine ndikungofunsira mnzanga." Tchalitchi chonse chinafa nacho chiseko. Mnzakeyo akuti wakhala akutapa ndalama kuntchito pang'onopang'ono kwa zaka, mabuku ali bwinobwino, palibe akumukayikira. Akalapa, basi zatha?

Ndinayankha kuti Mulungu amakhululuka ndithu, koma ndalamazo zikadali za eni ake. Zakeyu sanangolandira Yesu m'nyumba mwake, analonjezanso kubweza kanayi zonse zimene analanda monyenga. Mpingo sukakamiza munthu kukadziulula kwa abwana ake. Atha kubweza mwachinsinsi, ngakhale pang'onopang'ono monga anatengera, ndipo mwini wake akakhala wosapezeka, zipite kwa osauka. Wakuba ali ndi mwayi ndithu, poti ndalama zimawerengeka. Amene anaipitsa mbiri ya mnzake ndi bodza ayenera kubwerera kwa anthu omwewo anawanong'oneza kukakonza, ndipo apa ndi pomwe ndimaona kulapa kwa ambiri kukutsimphina. Chiseko chija sichinamvekenso.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinayendera odwala m'makomo, kenako n'kubwerera kumpando wolapitsira. Wansembe wachinyamata amene akundithandiza anandifunsa chochita munthu akangoti zii pakati pa kulapa. Ndinati adikire. Ife sitiri apolisi, ndipo malamulo omwe aja amatiletsa ngakhale kufunsa dzina la amene wolapayo anachimwa naye. Kukumbakumba kumangotseka pakamwa pamene panayamba kutseguka.

Lachinayi m'mawa tinali ku kathedulo, kumene Ambuye Episkopi amadalitsa mafuta oyera. Misa isanayambe, ansembe timalapitsana tokhatokha m'makona, ndipo nanenso ndinagwada. Ena amadabwa nazo, koma ngakhale Papa Francis mu 2014 anakagwada kwa wansembe wamba m'tchalitchi cha Petulo Woyera anthu akuona, asanakhale pansi kulapitsa ena.

Lachisanu Loyera kulibe Misa, choncho itatha Njira ya Mtanda ndinalapitsa mpaka mdima, msana ukudandaula. Loweruka anthu anali akadali pamzere pamene otumikira anabwera kudzanena kuti moto watsopano woyambira mwambo wa usiku wa Pasaka wakonzeka panja. Ndinavula stola yapepo, n'kuuza otsalawo kuti abwere Lachiwiri Misa ya m'mawa ikatha.