Kuphiri ndi kudambo ndi gulu loonera mbalame, komanso nkhani ya kasipika

Gulu lathu linagwirizana zokwera kuphiri nyengo yotentha ikungoyamba kumene, ndipo anzathu atsopano ankafunsa kuti bwanji osadikira kuzizire kaye. Nkhani yake ndiyakuti imeneyi ndiye nthawi imene mbalame zambiri zimamanga zisa, kuikira mazira ndi kulera ana, nde zazimuna zimaimba kwambiri, makamaka mbandakucha, kukopa zazikazi komanso kuuza zinzake kuti dera lino lili ndi mwini wake. Kumayiko akumpoto monga ku Ulaya nthawi imeneyi imagwa mu Meyi ndi Juni, kumwera kwa dziko lapansi ndi cha mu Okutobala ndi Novembala, koma zochitika zake nzofanana. Mukapita mochedwa ana atauluka kale, nkhalango imangoti zii, mumayenda mtunda wautali osamva kanthu.

Tinapangana kunyamuka kudakali mdima, ndipo apa ndiyambe ndadandaula. Anthu ena samva kuti pa ulendo wa mbalame mphindi 30 zam'mawa nzamtengo kuposa maola atatu amasana. Tinakhala m'galimoto kudikira anthu awiri omwe foni zawo sizimayankhidwa, ndalama yamafuta tasonkha tonse mofanana, kum'mawa kukuyera ife tili pamalo amodzi. Pomwe timafika m'munsi mwa phiri nkuti nyimbo zoyambirira zija, zimene zimayamba dzuwa lisanatuluke, zitadutsa kale.

M'nkhalango yapamwambayo munali nkhungu, mitengo yonse ili ndere zokhazokha, mame akudontha m'masamba mpaka malaya kunyowa m'mapewa. Munthu ukafika koyamba umadabwa, mbalame zikumveka mbali zonse koma olo imodzi osaiona. Bambo amene ankatitsogolera ankangoima nkukweza dzanja, tonse duu, kenako nkuloza ndi chibwano komwe kukuchokera mawu, amvekere yambani ndi khutu, maso abwera pambuyo. Amene mukufuna kugula ma binoculars, magalasi oonera patali aja, a 8x42 ndi amene amathandiza muno. Nambala 8 ija ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka chachikulu ka 8, pomwe 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, nde amalowetsa kuwala kokwanira pansi pa mitengo komanso mumaona malo otambalala, kambalame kakadumpha simukataya. Okuza kwambiri amanjenjemera m'manja. Ndi odula, zimenezo sindikana, koma m'gulu anthu amabwerekana bwinobwino. Pulogalamu ya pafoni ya Merlin, imene imamvetsera nyimbo nkukuuzani dzina la mbalame, ena anali nayo, koma ikani zonse zofunika mufoni musananyamuke chifukwa kumtundako netiweki kulibe, ndipo nthawi zina imaphonya, makamaka kumadera kumene mawu a mbalame zake sanajambulidwe kwambiri.

Cha m'ma 7 koloko tinafika pakamtsinje kena, ndipo pansi pa zitsamba zowirira tsidya linalo panamveka kalikhweru kofewa kobwerezabwereza. Wotitsogolera ananong'ona kuti aka ndi kambalame kaja anthu amakwerera phiri lino, kamakhala pansi mumthunzi ndipo sikaonekaoneka. Tinaima, kuyang'ana, osaona kanthu. Mnyamata wina wa kamera yachigalasi chachitali anatopa nazo, anapisa m'chikwama nkutulutsa kasipika, kulumikiza ku foni, kukaika pachitsa, nkuyamba kuliza nyimbo ya mbalame yomweyo mokweza.

Sipanathe mphindi, kanatulukira. Kanatera panthambi yapoyera pafupi kwambiri, kali ndi mbozi yobiriwira kukamwa. Ndinakaona bwino kwambiri mu binoculars, nthenga zapakhosi zitaimirira, mapiko atagwera pansi akunjenjemera, mutu uku ndi uku kufunafuna mdani amene walowa m'dera lake. Sipika ija italiranso kanatsegula kukamwa kuti kayankhe, mbozi ija nkugwera m'madzi. Kanaimba mwamphamvu thupi lonse likugwedezeka, kulumphira pachitsa, kubwerera panthambi, kuzungulira sipika ija, makamera ali tcha tcha tcha, anthu akumwetulira. Ine mtima unandiwawa zedi.

M'gulumo munali mayi ena achikulire, aimvi, amene m'mawa wonse sanalankhule zambiri. Anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, kuwerama, kuzimitsa sipika ija nkumupatsira mwini wake m'manja.

"Achimwene, mwajambula zokwana. Taonani, chakudya cha ana chagwera m'madzi."

"Mayi, ndi kamphindi chabe, anthu onse amatero."

"Kwa inu ndi kamphindi. Gulu lina lili pambuyo pathu, mawa kubwera linanso, aliyense ndi kamphindi kake. Kadyetsa ana nthawi yanji?"

Mnyamatayo sanayankhe, anangoika sipika m'thumba nkhope ili gwa. Koma kambalameko sikanasiye pompo, kanapitirizabe kuimba ndi kusakasaka kwa nthawi ndithu, chifukwa kwa iko mdani uja sanachoke, wangobisala. Apa mpamene pali vuto lenileni. Mbalame yolera ana imayenda maulendo osawerengeka patsiku kututa tizilombo, nde nthawi ndi mphamvu zimene yataya kulimbana ndi foni nzochotsedwa kukamwa kwa anawo. Komanso mbalame imene moyo wake wonse imadzibisa mwaikokera poyera, kabawi kapena khwangwala akuona. Pamalo otchuka pomwe magulu amasinthana tsiku ndi tsiku, zimenezi zimachitikira mbalame imodzimodzi yomweyo. M'galimoto pobwerera ena anamuikira kumbuyo mnyamatayo kuti ngakhale akatswiri ofufuza amaliza mawu ojambulidwa. Nzoona amaliza, koma amatero mwa muyezo, pofuna kudziwa ngati mtundu wina ulipo pamalopo, ndipo malo ena otetezedwa amaletseratu alendo kuchita zimenezi. Kulizira kuti upeze chithunzi chokaika pa Facebook nthawi ya zisa, ine ayi sindingavomereze.

Mayi aja anatiuza kuti tibwerere m'mbuyo pang'ono tikhale pansi pamizu ya mtengo, osalankhula, osaloza ndi chala. Tinakhala mpaka miyendo kuchita dzanzi, nyerere zikukwera m'mathalauza, ena ayamba kuyang'ana mawotchi. Kenaka kambalame kaja kanatsika kokha pansi, nkumatembenuza masamba ouma limodzilimodzi ndi kamlomo kake, kanatola kanthu koyera, nkudutsa chapansipansi kulowera kuseri kwa mwala wandere, ndipo kuchokera kumeneko kunamveka timawu tating'onoting'ono ta ana. Mmodzi wa ife anadzuka kuti akasuzumire, mayiwo anamugwira mkono. Anati fungo ndi njira imene mapazi athu angasiye zimatha kulondolera zilombo kuchisa, tiyeni tizipita. Tinachoka osachiona chisacho, ndipo palibe amene anadandaula.

Masana tinatsikira kudambo. Za msewu wake ndisanene zambiri, fumbi ndi mabampu basi. Kudambo zinthu nzosiyana kotheratu ndi kuphiri, mbalame zili poyera koma kutali, nde apa mpamene telesikopu yapamiyendo itatu ya wotitsogolera inagwira ntchito, tonse pamzere kudikirana diso. Imani dzuwa lili kumbuyo kwanu, apo ayi mbalame zonse zimangooneka zakuda. Valani jombo zazitali chifukwa matope ake amameza nsapato ndipo misundu ilimo, malaya amanja aatali osawala mtundu, ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, madzulo umabwera mwaukali osati masewera. Madzi akumwa tengani ochuluka kuposa mmene mukuganizira, mthunzi kulibe.

Akakowa anali mbuu m'mbali mwa madzi, wina ataima mwendo umodzi osasuntha mpaka anabaya kachule. Abakha akutchire ankasambira ndi tiana pambuyo, atimba akulira m'bango osaoneka. Koma ine maso anali pa anamzeze amene ankauluka chapamwamba pa madzi kuwakha tizilombo. Kambalame kolemera pafupifupi magalamu 20 okha, koma ena mwa iwo amauluka pakati pa Ulaya ndi kumwera kwa Africa, mtunda wa makilomita pafupifupi 10,000 ulendo umodzi, chaka ndi chaka, ndipo panjira amagona m'mabango a madambo ngati limeneli ali chigulu. Dambo limodzi likauma, si mbalame zapamalopo zokha zimene zimavutika, ndi zapaulendo zomwe zimasowa popumira.

Tinawerenganso mbalamezo. Zikakhala zambiri simuwerenga imodziimodzi, mumawerenga khumi nkuona kukula kwa kagulu kameneko, kenako nkumayeza gulu lonselo ndi maso, anthu awiri payekhapayekha nkufananitsa manambala. Mndandanda wake wotitsogolera anautumiza pa eBird, nkhokwe ya pa intaneti imene inayamba mu 2002 ndipo amaiyendetsa a Cornell Lab of Ornithology, bungwe lofufuza za mbalame ku America. Zimene anthu wamba ngati ife timalemba zimasonkhana ndi za ena padziko lonse, ofufuza nkumaonerapo kuti mtundu uti ukuchepa ndipo ukufika liti pamalo.

Chimene chinandikhumudwitsa nchakuti mbali yakumtunda ya dambolo inali itakumbidwa ngalande zotayira madzi, bango latenthedwa, mabotolo apulasitiki ali mbwee pomwe timaimika galimoto, ena mwa iwo osiyidwa ndi anthu obwera kudzaona chilengedwe omwe. Anthu ambiri dambo amaliona ngati malo ongowonongeka oyenera kuumitsidwa, chonsecho ndi limene limasunga madzi amvula, kuwasefa ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono, kusefukira kwa mitsinje nkumachepa. Mayiko anasainirana pangano loteteza madambo mumzinda wa Ramsar ku Iran pa 2 Febuluwale 1971, koma lipoti la bungwe la panganolo la mu 2018 linati pakati pa 1970 ndi 2015 dziko lapansi linataya pafupifupi 35 peresenti ya madambo ake. Ndimamvetsa kuti okumba ngalandewo akufuna malo olima ndi omanga, sindikuwaweruza, koma amene amapereka zilolezo akanamafikako nthawi ngati ino nkuona zimene zili m'bangomo asanasaine.

Tisanakwere galimoto tinatola mabotolo aja kudzaza matumba awiri. Pagulu lathu la WhatsApp ndalembapo maganizo atatu, kuti ulendo wam'nkhalango tisamapitirire anthu khumi chifukwa phokoso la mapazi limachuluka, kuti ochedwa azitipeza kutsogolo, ndi kuti nthawi ya zisa masipika azitsala m'galimoto. Awiri oyambawo anthu avomera msanga, lachitatulo akukanganabe mpaka pano, ndipo mayi aja alemba kuti kuwerenga kotsatira kudambo kuja kuyambe 5 koloko m'mawa.