Mabuleki a Dodge M37 asiya kudontha

Abale, m'mawa uno ndasuzumira pansi pa Dodge M37, galimoto yakale ya asilikali ija, pouma gwa! Palibe ndi kadontho komwe ka mafuta a mabuleki.

Sabata yathunthu ndakhala ndikulimbana ndi nati imodzi ya paipi ya mabuleki, kuikulunga tepi yoyera yotsekera mazinga a mapaipi, kuimanga mpaka dzanja kuwawa, koma imangodontha. Vuto silinali pa mazinga ayi. Chomwe chimatseka mafuta ndi kamlomo kofutukuka ka paipi, ka madigiri 45, kakakhala bwino pamalo pake. Kanga kanali ndi mng'alu wochepetsetsa. Ndadula, ndapinda kamlomo kena kapawiri, ndamanga mosakakamiza, basi.

Chikundiopsa tsopano ndi tepi ija. Ikananyenyekera m'mafuta, galimoto yolemera chonchi, ya mabuleki a njira imodzi ya mafuta, yoti ikalephera mabuleki onse afa, ikanaima ndi chiyani pamtsetse?