Tsiku limene ndinamuimba mlandu Kalulu

Lachisanu lina magetsi atazima kwathu ku Area 25, mafoni nawo atatha moto, amayi omwe anabwera kudzationa kuchokera ku Mitundu anasonkhanitsa adzukulu awo anayi pamkeka. "Padangokhala!" Ana onse pamodzi: "Tili tonse!" Inali nthano ija ya chitsime: kwagwa chilala, nyama zonse zikukumba, Kalulu wakana kugwira khasu, koma madzi akumwa ndi kusamba komwe.

Ine ndine msungichuma wa banki m'khonde, ndiye anthu odya za anzawo ndimawadziwa bwino. Mtima unandiwawa. Ndinati, "Amayi, uku ndi kuba. Ana mukuwaphunzitsa chiyani? Ndipatseni ndiikonze."

Ndinaikonzadi. Kalulu wanga anapepesa pamsonkhano, analipira chindapusa cha zidebe 20, kenako anasankhidwa kukhala mlembi wa komiti ya chitsime. Nthano yonse inatha mphindi ziwiri. "Tili tonse" anamveka kamodzi kokha, nayenso anachokera kwa mayi a kunyumba, mondimvera chisoni.

Amayi anapukusa mutu. "Mwanawe, wachotsa mafupa, nanga nyama iimira chiyani?" Nkuyamba kundiwerengera pazala. Alonda a chitsime ayenera kukhala atatu kapena anayi, aliyense wamkulu kuposa mnzake, Fisi, Mkango, Njovu, ndipo onse apusitsidwe mofanana kuti ana ayambe kulosera okha. Uchi Kalulu amangolawitsa kadontho, wotsalawo amati ngwa mfumu yomangidwa manja ndi miyendo. Pakati pakhale nyimbo yoti ana avomere. Wakubayo asagwidwe ndi wamphamvu ayi, agwidwe ndi Kamba wonyozekayo atadzipaka ulimbo pamsana. Khoti la nthano ndi limenelo, ndipo lili ndi nthawi yake. Ine ndinathamangira kuweruza oweruza asanafike.

Apa mpamene ndinalakwitsa kachiwiri. Ndinati palibe munthu wanzeru angalole kumangidwa chifukwa cha uchi, nthanoyo ndi yabodza basi.

"Tiyeni tiyesere, adadi," anatero mwana wanga wachisamba. "Inu mukhale Mkango."

Udindowo unandikomera, sindinama. Wachiwiri anatenga botolo langa la uchi lomwe ndimabisa kuseri kwa ndowa ya ufa (mpaka lero sindinafunse kuti analidziwa bwanji), nandilawitsa kunsonga kwa supuni. Anandimanga manja kumbuyo ndi chitenje cha mayi awo, miyendo ndi chingwe choyanikira zovala, mfundo zitatu. Ine ndikubangula bwinobwino ngati mfumu ya nyama zonse.

Kenako kunangoti zii. Ndinangomva supuni ikulira m'botolo, ndi mbale ya mbatata yanga yootcha ikuyenda pamkeka. Ndinaitana, ndinaopseza, ndinalonjeza mabisiketi. Amayi anali kuseka mpaka kutsokomola, ati Mkango sumasulidwa kusanache.

Magetsi anayaka nthawi yomweyo pamene pakhomo pamamveka odi. Anali atcheyamani a banki yathu ija ndi akazi awo, kudzatenga buku la ngongole. Anandiyang'ana ndili chomangidwa, uchi uli pandevu, nafunsa motsitsa mawu ngati ndalama za gulu zilipo zonse.

Ndisanayankhe, amayi anakuwa, "Kaphuleni mbatata!" Kamtsikana kotsiriza, pakamwa pali tho, kanayankha kuti yatha kale.