Duwa lofota pakati pa Siam Paragon ndi CentralWorld

Sabata ino ndiye ndapumako. Miyezi iwiri yathunthu mawu a Chibuda akuti anicca, otanthauza kuti palibe chinthu chokhalitsa, akhala akundizunguza mutu, koma Lachinayi lapitali zinandilowa, ndipo sikunali m'kalasi ayi.

Anzanga amene tikuphunzira limodzi za Chibuda, za zoona zinayi zija ndi njira ya mbali zisanu ndi zitatu sindibwerezanso, tonse tinaloweza. Langa vuto linali lina. Ngati m'chiphunzitso cha Theravada, mtundu wa Chibuda umene amatsatira kuno ku Thailand, Buddha si mulungu woyankha mapemphero, nanga anthu amagwadiranji chifanizo chake? Kwa ine wokulira m'tchalitchi, ukagwada ndiye kuti pali chimene ukupempha.

Tsikulo ndinatsika sitima ya BTS pa siteshoni ya Siam, dzuwa la Bangkok likuswa mtengo, n'kulowa ku Wat Pathum Wanaram pongofuna mthunzi. Kachisiyu anamangitsa ndi Mfumu Mongkut mu 1857, kuno kudakali minda ya mpunga ndi ngalande. Lero wapanikizika pakati pa misika iwiri ikuluikulu, Siam Paragon ndi CentralWorld, kutsogolo kuli msewu wa Rama I, pamwamba pake sitima.

Kunabwera mayi wina wovala za ku ofesi. Anavula nsapato, n'kuyatsa kandulo ndi timitengo titatu ta lubani, kaamba ka Buddha, Dhamma (chiphunzitso chake) ndi Sangha (gulu la amonke omutsatira). Anaika duwa la lotus, n'kugunditsa chipumi pansi katatu. Chapafupi pomwepo bambo wina ankachotsa maluwa adzulo, ofota, oda m'mbali, n'kumaponya mu ndowa. Mayiyo anawaona bwinobwino, koma lakelo anaika ndithu.

Pamenepo mpamene ndinati, kani! Duwalo ukuliika ukudziwa kuti mawa lili mu ndowa. Mawu a Chipali, chinenero cha malemba akale a Chibuda, amene amatchulidwa popereka maluwa, makamaka ku Sri Lanka, amanenadi zimenezo, kuti monga duwali lifota, nalonso thupi langa lidzatero. Ndinawawerengapo kangapo konse koma ndinkangowadutsa. Ndiye kuti nsembeyo si malonda oti ndakupatsa undipatse. Munthu akudziphunzitsa yekha, ndi manja ake, kugwira chinthu chokongola n'kuchisiya.

Ndili chikhalire sitima inadutsa. Phokoso linayamba pang'ono, linakula, linatha. Ina inabwera, chimodzimodzinso. Ine ndinkayesa bata limafuna malo a zii ngati kumudzi usiku, moti ndinkaseka mumtima kuti kachisi wa pamenepa angakhazike mtima wa ndani. Koma phokoso nalo ndi duwa lomwe lija, limabwera n'kufota. Chondisowetsa mtendere sichinali sitimayo koma kulimbana nayo kwanga, kufuna kuti ikhale chete. Anicca ndi imeneyo basi, ndipo ikuonekera bwino pakati pa tauni kuposa kuthengo, poti zinthu zosintha zangoti mbwee.

Usiku womwewo ndinajambula uthenga wa mawu pa WhatsApp kwa achemwali anga, kuwafotokozera zonsezi m'Chichewa. Njira imeneyi ndimailumbirira, anzanga. Chimene sungathe kuuza mbale wako m'chinenero cha kwanu sunachimvetse, ngakhale utakhoza mayeso. Mu Chingerezi umabisala kuseri kwa mawu aakulu, koma achemwali akangoti "ndiye kuti chiyani?" umaonekera poyera. Ndikanakhala ine wolamula, makadi oloweza mawu onse aja ndikanawatentha. Iwo anangoyankha kuti, "Achimwene, mwapita kukaphunzira kapena kukaonerera maluwa?"

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu amathamanga ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Anicca, dukkha (kuvutika) ndi anatta (kuti palibe "ine" wokhalitsa), zonse zitatu anazimaliza pa ola limodzi, ukakweza mkono amvekere nthawi yatha. Kuchokera kusukulu kufika ku kachisiyu si patali, bwanji osangotitengera kumeneko tsiku limodzi? Nanenso ndisamangoloza chala, phunziroli ndinkaliwerenga mochedwa, nditatopa kale ndi maphunziro ena amene ali ndi malikisi ambiri.

Komabe pali chimene chikundikayikitsa. Anthu ambiri kuno amapereka nsembe kuti apeze bun, phindu la ntchito zabwino lokawathandiza pa moyo uno ndi wotsatira, ndipo ena amapemphadi mwayi wa lotale. Mayi uja sindinamufunse kanthu. Mwina anali ndi mwana wodwala, mwina ankapempha monga momwe ine ndimapemphera Lamulungu, ndipo za duwa lofotazi ndazisenzetsa ndine. Za anatta ndiye sindinayambe n'komwe, poti ngati palibe "ine" wokhalitsa, amene akulandira bun uja ndani? Mayeso ali pafupi, ndipo sindikudziwa kuti funso limenelo ndidzalilemba bwanji likadzabwera.