Likasa limene ndinagwira Lachitatu

Poti nkhaniyi yafika kale pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo ena mwayamba kuwonjezera zoti ndinakomoka, ndiloleni ndiinene ndekha. Sindinakomoke. Ndinangokhala pansi mofulumira.

Inali ganyu ya masabata awiri, kuyang'anira mayeso a moko a Fomu 4 pa sukulu ina yapulaiveti. Ntchitoyi ndimaidziwa, musandione chonchi. Madesiki umawatalikitsa kuti mwana akatambasula mkono asakhudze mnzake. Pakhomo umasecha masokosi, kolala, kuseri kwa rula ndi m'chivundikiro cha kalikuleta, chifukwa m'menemo ndiye mumagona mafomyula. Envulopu ya mafunso umaikweza m'mwamba ana aone kuti ndi yomata, kenako n'kung'amba pamaso pawo. Nthawi yoyambira ndi yomalizira umalemba pabolodi potsatira wotchi yapakhoma, osati yapamkono pako, poti zikasiyana ndi mphindi zitatu zokha ana amakuzenga mlandu mpaka chaka kutha. Ukatero umaima kumbuyo. Wobera amafuna adziwe pamene uli, ndiye amene akucheukacheuka ndi ameneyo.

Lachitatu kunali masamu. Patatha mphindi 40, ndikubwerera pa mzere wachitatu, ndinaona kapepala kopindapinda pansi pa desiki ya mnyamata wina wovala magalasi.

Malangizo a supavaiza anali omveka: ukapeza likasa usakuwe. Tenga mwakachetechete, lemba nambala ya mwanayo ndi nthawi, asayine, apitirize kulemba, mlandu ukambidwa pambuyo. Ine ndinakuwa. "Imirira!" Holo yonse, ana 86, zolembera pansi. Kapepalako ndinakakweza ngati chikho cha ligi, n'kuzungulira nako kuti wapakona yemwe aone. Ndinakatsegula pang'ono: manambala mumzere wotsika, pansi pake yankho lodulidwa mizere iwiri. Ndani akanakayika? Mtima unali utayamba kale kulandira ganyu ya chaka chamawa.

"Sala, si kanga," anatero mnyamatayo.

"Onse amatero, mphwanga."

A supavaiza, mayi a mawu osafuna maikolofoni, anabwera n'kuvala magalasi awo. Anayamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati uthenga wa maliro pa wailesi. "Shuga, paketi imodzi. Soya pisesi, zinayi. Mafuta oyeza, katatu. Makandulo awiri. Mazira asanu." Apa anaima n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Akanatha kulekera pomwepo. Sanaleke. "Zonse pamodzi K18,700. Aphunzitsi, mukalandira za mayesozi musadzere njira yakuseri kwa chigayo ngati mwezi watha."

Abale, kunali zii. Ndinamva wotchi yapakhoma ikugunda. Ndinamva mbuzi ikudya pepala panja. Dzanja langa linapita lokha m'thumba lakumbuyo, m'mene mayi a pa hokala anandipanikizira kapepalako m'mawa womwewo, n'kupezamo mpango wokhawokha umene ndinapukutira thukuta podutsa pa mzere wachitatu ulendo woyamba. Kenako mtsikana wina kumbuyo analephera kupirira, anatulutsa kamawu ngati ketulo, holo yonse n'kuphulika. A supavaiza anachita kuwonjezera mphindi zisanu pabolodi, ndipo pa fomu ya malipoti analemba chifukwa chake. Sindinapemphe kuti ndiwerenge.

Komabe tinene zoona, maso anga anagwira ntchito. Kapepala kakang'ono ngati tikiti ya basi, ine n'kukaona ndili mamita anayi. Ndi angati mwa inu oseka amene mukanakaona? Ndipo za njira yakuseri kwa chigayo, imeneyo ndi yachidule basi, aliyense amadzera komweko.

Potolera mapepala, mnyamata uja anandinong'oneza kuti, "Sala, pamene munakatsegula paja ndinawonkhetsa. Akuberani K600."

Ndinakawonkhetsanso kunyumba, kawiri. Amanena zoona. Koma kukadandaula kumafuna kuti ndidzere pa hokalapo, ndiye pakadali pano nkhaniyo ndaisiya kaye.