Tinakaona Mtengo wa Mfuti ku London

Gulu lathu la Amalawi okhala ku Leicester limakhala ndi ulendo umodzi pachaka, ndipo kawirikawiri timapita kunyanja kukapitidwa mphepo. Ulendo uno mayi wina amene amaphunzitsa ana zojambula anaumirira kuti tipite ku London tikaone zaluso zopangidwa ndi zinthu zimene anthu anataya. Pamsonkhano panali kung'ung'udza. Bambo wina, amene kumudzi ankawotcherera zitsulo ku Ndirande, anafunsa kuti, “Ndiye tisonkhe ndalama ya basi kuti tikaone zinyalala, chemwali?” Titamva kuti malo onse awiri oonetserako zinthuzi, Tate Modern ndi British Museum, polowa salipiritsa, tinavomera.

Tinanyamuka Loweruka lina m'bandakucha, chakumayambiriro kwa 2024, tilipo anthu 23 pamodzi ndi ana, kunja kukuzizira kolowa m'mafupa. Mandasi ndi tiyi wa m'mafulasiki zinatha tisanafike n'komwe.

Tinayambira ku Tate Modern, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Nyumbayi kale inali malo opangira magetsi, ndipo holo imene munkakhala makina, Turbine Hall, ndi yaitali moti munthu ukaima pansi umaoneka ngati nyerere. M'menemo munali mutapachikidwa ntchito ya El Anatsui, mmisiri wa ku Ghana wobadwa mu 1944, amene waphunzitsa zaka zambiri payunivesite ya ku Nsukka ku Nigeria. Ntchitoyo anaitcha Behind the Red Moon. Polowa tinakumana ndi chinsalu chofiira psuu chikulendewera kuchokera kudenga, chotukuka ngati thanga la ngalawa litadzaza mphepo. Titazungulira kuseri kwake tinapeza kuti n'chachikasu. Kumapeto kwa holoyo kunali china chakuda, chotsika ngati khoma mpaka kuunjikana pansi.

Patali umalumbira kuti ndi nsalu. Ukayandikira umaona kuti ndi zitsekerero za mabotolo a mowa, masauzande osawerengeka, chilichonse chophwanyidwa kuti chikhale chafulati, chobooledwa, kenako cholumikizidwa ndi chinzake ndi kawaya ka kopa. Bambo wa ku Ndirande uja anavala magalasi, n'kuweramira kutsogolo mpaka wolondera anamukumbutsa kuti asagwire. Atadzuka anati, “Apa palibe chowotcherera ngakhale chimodzi. Zonsezi n'zopota ndi manja.” Mayi wotitsogolera anafotokoza kuti mmisiriyu sagwira yekha, ali ndi achinyamata ambiri amene amakhala pansi tsiku lonse kuphwanya ndi kulumikiza tizidutswa, iye n'kumayala zigawozo pansi, kuzisinthasintha mpaka mtima wake utakhutira. Anatiuzanso kuti zitsekererozo sanazisankhe chifukwa chosowa utoto. Mowa unali pakati pa katundu amene Azungu ankabwera nawo kumadzulo kwa Africa posinthanitsa ndi akapolo, ndipo akapolowo ankakalima nzimbe kutsidya la nyanja. Dzina loti Tate nalonso linachokera kwa Henry Tate, amene analemera ndi shuga. Ine ndinayang'ananso chinsalu chofiira chija, ndipo kufiirako sikunaonekenso monga poyamba.

Nkhomaliro tinadyera choimirira pafupi ndi mlatho wa Millennium, mvula ikuwaza. Kenako tinalowera ku British Museum, n'kutsikira kuchipinda cha pansi kumene amasungirako zinthu za ku Africa. Kumeneko ndi kumene ulendo wathu unasanduka china.

Pakati pa chipindacho paima mtengo wotalika mamita atatu ndi theka, wa dzimbiri thupi lonse. Thunthu, nthambi ndi masamba, zonse ndi zidutswa za mfuti. Umaona mipope ya AK-47, zoikamo zipolopolo, mabasitole, zonse zodulidwa n'kuwotchereredwa pamodzi. Patsinde pake pali mbalame, kamba ndi buluzi, nazonso za mfuti zomwezo. Anaupanga ku Maputo mu 2004 amisiri anayi a ku Mozambique: Kester, Hilario Nhatugueja, Fiel dos Santos ndi Adelino Serafim Maté. Dzina lake ndi Tree of Life, kunena kuti mtengo wa moyo.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa Frelimo ndi Renamo, inayamba mu 1977 ndipo inatha pamene anasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Koma nkhondo ikatha mfuti sizisowa zokha. Zinatsala zokwiriridwa m'minda, zobisidwa m'madenga ndi m'tchire. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la mipingo yachikhristu m'dzikolo, anayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, kusandutsa zida kukhala makasu, potsatira mawu a pa Yesaya 2:4 onena za kusula malupanga kuti akhale zolimira. Munthu ankabwera ndi mfuti, osafunsidwa zambiri, n'kubwerera ndi khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa motero. Zinkaduladulidwa kuti zisadzalirenso, ndipo zidutswa zina ankazipereka kwa amisiri a bungwe la zaluso la Núcleo de Arte ku Maputo.

Mayi wotitsogolera ali mkati mofotokoza, tinamva kamtsikana kakufunsa kuti, “Agogo, mukulira chiyani?” Agogowo ndi a ku Ntcheu, cha ku Lizulu, kumene msewu waukulu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Anadzipukuta ndi nsonga ya mpango, n'kutiuza kuti kulira kwa mfuti zimenezi amakudziwa, ankakumva usiku ali pamphasa. M'mawa kunkafika anthu a ku Angónia, olankhula chinenero chathu chomwechi, ena achibale enieni, atasenza mitolo, ana kumbuyo, mapazi atatupa. Bambo a agogowo anapereka khitchini ndi khonde kwa banja lina, ndipo linakhala pakhomopo zaka zingapo, kudyera mbale imodzi. Nthawi imeneyo Malawi analandira anthu othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, m'maboma ngati Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Ana athu obadwira kuno anali asanamvepo zimenezi. Ife akuluakulu tinachita manyazi kuti nkhani yotere akuimvera koyamba m'nyumba ya eni, osati pakhomo pathu.

Chapafupi pali mpando wa ndalema wopangidwanso ndi mfuti, Throne of Weapons, umene Kester, dzina lake lenileni Cristóvão Canhavato, anaupanga mu 2001. Kotsamira msana kuli mfuti za G3 zopangidwa ku Portugal, kwinako za AK-47 zochokera kumayiko amene anali kumbali ya Soviet Union. Pa mfuti zonsezo palibe ngakhale imodzi yopangidwa mu Africa. Mnyamata wina anakumbutsa kuti pambendera ya Mozambique mpaka lero pali AK-47 yopingasana ndi khasu pamwamba pa buku, ndipo anthu anaima kanthawi osayankhula.

Panabuka mtsutso pang'ono. Apampando athu anafunsa chifukwa chimene mtengowu uli ku London m'malo mokhala ku Maputo kapena ku Tete, kumene eni chisonicho angamauone. Funsolo n'lomveka, chifukwa m'chipinda chomwecho muli zamkuwa za mu ufumu wakale wa Benin, ku Nigeria, zimene asilikali a Britain analanda mu 1897. Koma mtengowu sunabedwe. British Museum ndi bungwe la Christian Aid ndiwo anaitanitsa kuti upangidwe, ndipo mpando uja anachita kugula mu 2002. Ine maganizo anga ndi oti uli pamalo poyenera. Mfuti zinachokera kunja, ndiye zibwerere kunjako anthu akuno aone chimene zinakachita. Apampando sanakhutire, ndipo tinapitiriza kukambirana mpaka m'basi.

Pobwerera nkhani inatembenukira kumudzi. Tinakumbutsana magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chachitali, mpira wokulunga ndi majumbo, koloboyi wa kachitini, nkhwaira za matayala. Bambo wa ku Ndirande anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana zithunzi pafoni, akukulitsa pamene mpope wa mfuti walumikizana ndi nthambi. Kenako anati mphwake amene anamusiyira makina owotcherera ali ndi mulu wa zitsulo zakutha kuseri kwa shedi, zimene amagulitsa pa kilo, ndipo amutumizira zithunzizo usiku womwewo.

Tisanatsike tinagwirizana kuti pamsonkhano wotsatira agogo a ku Lizulu adzakhale pansi ndi ana onse, adzawafotokozere bwinobwino za banja lija. Mayi wazojambula anapempha kuti nyumba iliyonse iyambe kusunga zitsekerero ndi zitini, zotsuka bwino, ndipo amene ali ndi pulayala adzabwere nayo.